Fungo Lolowera Khomo la Kuseri

Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Amene anapeka mwambiwu ankamudziwa bwino fodya wopera, uja agogo amatsina m'kachitini n'kumakwera naye pang'onopang'ono kumka kumaso. Ulendo wake ndi waufupi, koma m'kati mwa ulendowo kamphepo kakhoza kuwomba, mdzukulu akhoza kugunda chigongono, zonse n'kuthera m'fumbi. Choncho akulu anati usawerengere chinthu chisanafike, chako n'chokhacho chimene chalowa. Pa nkhani ya malonda, ya malonjezo, ya chimanga chili m'munda, mwambiwu sunaphonyepo.

Ndakhala ndikuuyesa pa vinyo, ndipo pamenepo ukuchita ngati ukufuna kuwonjezeredwa mawu. Taonani munthu wodziwa vinyo akapatsidwa tambula. Amaizunguza, amalowetsamo mphuno, amatsinzina, n'kuyamba kutchula zipatso ndi maluwa. Woonerera amayesa kuti mlandu wathera pomwepo: fungo lafika pamphuno, ndiye kuti ndi lake. Chikhalirecho fungo la vinyo likafika pamphuno limakhala lili pakati pa ulendo. Munthu yemweyo akamwako pang'ono, pichesi amene anamumva uja akhoza kukula n'kudzaza mutu wonse, kapena kuzilala n'kusiya khungu la ndimu lokha. Vinyo ndi yemweyo, mphuno ndi yomweyo. Kungoti lilime lalowererapo, ndipo likalowererapo silisiya zinthu mmene lazipezera.

Mphuno ili ndi makomo awiri. Lakutsogolo aliyense akulidziwa, ndilo lolowera fodya wa m'mwambi uja. Linalo lili kuseri, kumapeto kwa m'kamwa, pamene njira ya mphuno imakumana ndi mmero. Vinyo akalowa m'kamwa amafunda, amasakanikirana ndi malovu, ndipo tinthu tosaoneka timene timanyamula fungo timayamba kuuluka. Tikameza n'kutulutsa mpweya, mpweyawo umakankhira tinthuto m'mwamba kudzera khomo lakuseri lija mpaka pa kachigamba kakang'ono kali m'denga la mphuno, pomwe pali minyewa yomva fungo. Linda Buck ndi Richard Axel anafotokoza mu 1991 mmene minyewa imeneyi imagwirira tinthu ta fungo, ndipo ntchitoyo inawapatsa mphoto ya Nobel mu 2004. Mwa munthu muli mitundu pafupifupi 400 ya tizipangizo tolandirira fungo. Lilime ndi losauka tikaliyerekeza ndi pamenepo. Limadziwa kutsekemera, kuwawasa, kuwawa, mchere, ndi kukoma kwa msuzi wa nyama kumene Kikunae Ikeda wa ku Tokyo anakufotokoza mu 1908 n'kukutcha umami. Pichesi, gwafa, khofi, uchi, zonse zimene timati tazimva palilime pomwa vinyo, lilime silizidziwa n'komwe. Ikuzimva ndi mphuno, koma ubongo umaziika m'kamwa, poti m'menemo ndi mmene muli chinthu chimene chikukhudza thupi.

Izi n'zosavuta kutsimikiza. Tsinani mphuno, imwani, mezani, kenako masulani zala n'kupuma: chipatso chimabwera nthawi yomweyo mwamasula. Aliyense amene anadwalapo chimfine akudziwa kuti ndiwo zimasanduka madzi amchere, ndipo mu 2020 anthu ochuluka amene Covid-19 inawatseka fungo ankadandaula kuti chakudya sichikukoma pomwe lilime lawo linali kumvabe shuga ndi mchere. Jean Anthelme Brillat-Savarin, woweruza milandu wa ku France amene ankakonda kudya, analemba kale mu 1825 kuti kulawa ndi kununkhiza ndi ntchito imodzi. Mu 1982 Paul Rozin wa pa University of Pennsylvania anapitirira pamenepo, nati kumva fungo n'kwa mitundu iwiri: kwina kumatiuza za zinthu zili kunja kwa thupi, kwina kumatiuza za zimene taziika kale m'kati. Ndipo mu 2005 Dana Small ndi anzake, atalowetsa fungo la chokoleti kudzera m'timachubu, ulendo wina kutsogolo kwa mphuno, ulendo wina kuseri kwake, anaona pa makina ojambula ubongo kuti ubongo ukulilandira mosiyana malinga ndi khomo limene ladzera.

Mpaka apa nkhani ikuoneka ngati ikukweza mphuno yokha, ndipo mabuku ambiri a vinyo amathera pomwepa: kukoma ndi fungo, lilime ndi wantchito chabe. Ine pamene pandigwira mtima ndi pamene wantchitoyo amapezeka kuti ndiye akulamula.

Chitsanzo chomveka bwino sichinachokere m'vinyo ayi, chinachokera mu chingamu. Tonse tikudziwa kuti chingamu cha minti ukachitafuna kwa kanthawi chimatha mphamvu, n'kutsala ngati labala. Timati minti yatha. Mu 1999 akatswiri a pa University of Nottingham ku England, gulu la Andrew Taylor, anayeza mpweya wotuluka m'mphuno za anthu akutafuna chingamu, uku akuyezanso shuga wa m'malovu awo. Anapeza kuti fungo la minti linali likadalipo lambiri m'mpweyawo pa nthawi imene anthuwo ankati latha. Chimene chinatha ndi shuga. Kutsika kwa minti imene anthu ankaimva kunkatsatira kutsika kwa shuga palilime, osati kuchuluka kwa minti m'mphuno. Fungo linali pamphuno ndithu, fodya anali atafika, koma sanali wawo.

Chaka chotsatira, Pamela Dalton ndi anzake a ku Monell Chemical Senses Center mumzinda wa Philadelphia anachita chinthu chimene ndimachiganizira kawirikawiri. Anatenga benzaldehyde, amene amanunkhira ngati matcheri kapena mbewu za amondi, n'kumusungunula kwambiri mpaka munthu osamumvanso pomununkhiza. Kenako anaika m'kamwa mwa munthuyo madzi a sakarini wochepa zedi, woti lilime silingamumve kutsekemera. Zinthu ziwiri zosamveka, chilichonse pachokha. Zitakumana, fungo lija linamveka. Atachotsa sakarini n'kuikapo monosodium glutamate, wa kukoma kwa msuzi uja, palibe chimene chinachitika. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Komatu onani kuti si awiri alionse amene amasanduka anthu. Fungo la tcheri linadzuka chifukwa cha kutsekemera, mnzake amene limayenda naye masiku onse. Kwa msuzi silinayankhe, poti sadziwana.

Nanga kudziwanako kumachokera kuti? M'zaka za m'ma 1990, Richard Stevenson, John Prescott ndi Robert Boakes ku Australia anapatsa anthu madzi okhala ndi fungo limene sanalizolowere, ena lili ndi shuga, ena lili ndi asidi wa m'ndimu. Patapita masiku anawanunkhizitsa fungo lokhalo, popanda chomwa. Amene analilawa ndi shuga anati likununkhira motsekemera. Amene analilawa ndi asidi anati likununkhira mowawasa. Palibe fungo limene limabadwa lotsekemera, chifukwa shuga sauluka, sangafike m'mphuno. Vanila weniweni ukamuika yekha palilime amakhala wowawirako. Timamumva kutsekemera chifukwa kuyambira tili ana takumana naye m'makeke, m'mabisiketi ndi mu kasitadi, nthawi zonse ali pambali pa shuga, mpaka ubongo unawamanga mtolo umodzi. Ndiye vinyo amene wagona m'migolo ya mtengo wa oak, n'kutengako vanila wa m'thabwalo, amamveka wozuna kwa anthu ambiri ngakhale yisiti itadya shuga yense. Lilime linaphunzitsa mphuno kalekale, ndipo mphuno ikubweza phunzirolo.

Opanga vinyo sanadikire akatswiri kuti adziwe zimenezi. Manja awo anazidziwa kale. M'chigwa cha mtsinje wa Mosel ku Germany, mphesa za Riesling zimalimidwa m'mapiri otsetsereka kwambiri, m'dothi la miyala yophwathalala, kudera lozizira kumene mphesa zimapsa zili ndi asidi wambiri. Kumeneko kuli mwambo woimitsa vinyo asanamalize kuwira, kuti patsale shuga wina, ndipo mphamvu ya mowa imakhala yochepa, mwina magawo 8 pa 100. Vinyo wotere akamwedwa amatulutsa pichesi ndi apozi wakupsa. Mphesa za mtundu womwewo zikawira mpaka shuga yense atatha, chimene chimatsogola ndi ndimu, apozi wosapsa ndi kafungo ka mwala wonyowa. Asidi amakokera maganizo ku zipatso zowawasa, shuga amawakokera ku zipatso zakupsa, ndipo pa zonse zimene zikuuluka m'tambulamo ubongo umakweza zokhazo zimene zikugwirizana ndi zimene lilime likunena.

Ngakhale lamulo linavomereza kuti lilime siliwerenga shuga payekha. Ku European Union, vinyo amatchedwa wosatsekemera ngati shuga wake sapitirira magalamu 4 pa lita, koma amaloledwa kufika magalamu 9 ngati asidi wake ali wokwera moyandikira shugayo, osatsalira ndi magalamu opitirira 2. Olemba malamulo anaona zimene womwa aliyense amaona, kuti kuwawasa kumabisa kutsekemera.

Koma pamene nkhaniyi imaonekera poyera kwambiri ndi ku Champagne. Kumeneko vinyo amawira kachiwiri m'botolo momwemo, amagona pa nsenga za yisiti kwa miyezi yambiri, kenako nsengazo zimachotsedwa ndipo botolo limadzazidwanso ndi kavinyo kosakaniza ndi shuga lisanatsekedwe komaliza. Kuchuluka kwa shugayo ndiko kumapereka dzina la pa pepala la botolo: brut nature ndi wosafika magalamu 3 pa lita ndipo sathiramo shuga, extra brut sapitirira 6, brut safika 12, ndipo doux amapitirira 50. Asanasankhe, wopanga vinyo amandandalika matambula a vinyo mmodzi yemweyo, kusiyana kwake galamu imodzi kapena awiri a shuga, n'kumalawa limodzilimodzi. Galamu imodzi pa lita ndi kanthu kochepa kwambiri, kosakwana theka la theka la kasupuni ka tiyi. Komabe iwo amanena kuti pa tambula ina chipatso chatsekeka, pa inzake chatseguka, pa yotsatira chalemera n'kugona pansi. Shuga amene wathiridwayo alibe fungo. Sanawonjezere pichesi kapena apozi m'botolo. Wangosintha zimene lilime likuuza ubongo, ndipo ubongo wasintha zimene ukuvomera kumva kuchokera kumphuno. Ndimalemekeza kwambiri ntchito imeneyi, chifukwa munthu walima, wakolola, wadikira zaka, ndipo zonsezo zikukathera pa chigamulo cha galamu imodzi.

Nthawi zina mphuno ndi lilime zimatsutsana, ndipo womwa amadabwa. Gewürztraminer wa ku Alsace amanunkhira maluwa a rozi ndi chipatso cha lychee mwamphamvu, ndipo mu 1999 Peter Ong ndi Terry Acree a pa Cornell University anaonetsa kuti vinyoyu ndi chipatsocho zilidi ndi tinthu ta fungo tofanana. Munthu akanunkhiza amakonzekera zotsekemera. Akapeza kuti amene wamwayo alibe shuga, ndipo kumapeto kwake n'kowawirako, maluwa aja amachita ngati abwerera m'mbuyo. Ena amatero n'kukhumudwa, ena amakonda kukangana komweko.

Pano ndiyenera kunena za vinyo wotsekemera, chifukwa ndi amene ambiri a ife timayamba naye. M'masitolo a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka, vinyo wochuluka ndi wochokera ku South Africa, ndipo amene amayenda malonda pa maukwati ndi pa zinkhoswe nthawi zambiri ndi wofiira kapena wofiirira wotsekemera. Pali anthu ena amene akaphunzira pang'ono za vinyo amayamba kunyoza okonda wotsekemerayo ngati osadziwa kanthu. Sindigwirizana nawo. Vinyo amene anatchukitsa Cape m'nyumba za mafumu a ku Ulaya anali wotsekemera, wa ku Constantia, munda umene Simon van der Stel anauyambitsa mu 1685, ndipo Napoleon ankamumwa ali pa ukaidi pachilumba cha St Helena. Tisaiwalenso kuti minda ya mphesa ya ku Cape nthawi imeneyo inkalimidwa ndi akapolo, ena mwa iwo ogwidwa ku Mozambique ndi ku Madagascar. Champagne nayenso anali wa shuga wambiri. Mabotolo amene anapezeka mu 2010 m'chombo chomira m'nyanja ya Baltic, pafupi ndi zilumba za Åland, atawayeza anapezeka ndi shuga wopitirira magalamu 140 pa lita. Kukonda kutsekemera si umbuli. Munthu amene akuti vinyo wotsekemera amamununkhirira zipatso kwambiri akunena zoona zenizeni za mmene thupi limagwirira ntchito.

Chimene ndimadana nacho ndi shuga wobisira. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Popeza shuga amakweza fungo la zipatso, wopanga vinyo waulesi akhoza kutenga mphesa zopanda pake, n'kuzikwirira ndi kutsekemera, womwa n'kumamva ngati muli chipatso chambiri pomwe mulibe. Kusiyana kwake kumadziwika ndi asidi. Pamene pali kuwawasa kokwanira kuimika shugayo, fungo limatuluka ndi nthambi zake, ili apa ili apo, ndipo m'kamwa mumatsala moyera. Pamene palibe, zonse zimasungunukira mu kafungo kamodzi ka jamu, tambula yachiwiri imafanana ndi yoyamba, ndipo mphesa za kumapiri sizisiyananso ndi za kuchigwa. Choopsa china n'chakuti shuga amaphimbanso kuwawa ndi kuotcha kwa mowa, zimene zikanachenjeza munthu kuti achepetse liwiro. Vinyo wa magawo 12 pa 100 amatsika ngati sobo, ndipo pusi amazindikira ali kale pansi.

Si zonse zimene zimachitikira mu ubongo. Zina zimachitikira m'tambula ndi m'malovu. Mu 2010 María-Pilar Sáenz-Navajas ndi gulu la Vicente Ferreira la ku Zaragoza ku Spain anagawa mavinyo pawiri, mbali youluka yonyamula fungo payokha, mbali yosauluka ya asidi, shuga ndi tanini payokha, kenako n'kuzisinthanitsa. Fungo la vinyo woyera litaikidwa m'thupi la vinyo wofiira linasintha, zipatso zake zoyera ndi zachikasu zinachepa mphamvu, chifukwa thupi la wofiira limagwira tinthu ta fungo n'kutiletsa kuuluka momasuka. Tanini ndi chinthu chochokera m'makungu ndi m'njere za mphesa, chomwecho chimene chimaumitsa m'kamwa ukamwa tiyi wowira mopitirira wopanda mkaka. Amagwirana ndi mapuloteni a m'malovu, malovu n'kusiya kuterera, m'kamwa n'kuchita khakhalakhakhala. Vinyo wofiira wamng'ono wa tanini wambiri amamveka ngati wadzitsekera, ndipo ukamumwa pamodzi ndi nyama yonona amamasuka, poti mafuta ndi mapuloteni a nyamayo achepetsa kuumako. Mowa weniweniwo nawo ukachuluka, monga zimakhalira ku madera otentha kumene vinyo amafika magawo 15 pa 100, umaotcha kukhosi ndi kupondereza fungo la zipatso. Ngakhale kuzizira kuli ndi mbali yake: lilime limamva kutsekemera kwambiri chinthu chikakhala chofunda, n'chifukwa chake vinyo wotsekemera amene anali bwinobwino ali wozizira amalemera akakhalitsa patebulo mu Okutobala.

Tsono ngati lilime ndilo limasankha zimene mphuno imve, ndipo lilimelo linaphunzitsidwa ndi zimene munthu anadya akukula, ndiye kuti palibe anthu awiri amene amamwa vinyo mmodzi. Kwina kusiyanako n'kobadwa nako. Rotundone, kanthu kamene kamapatsa vinyo wa Shiraz fungo la tsabola wakuda, kanapezeka m'vinyoyu ndi a Australian Wine Research Institute ku Adelaide mu 2008, ndipo anaona kuti munthu mmodzi mwa asanu sakamva ngakhale kachuluke bwanji. Koma kusiyana kwakukulu n'kwa kumene munthu anakulira. Mu 1984 Ann Noble wa pa University of California ku Davis anakonza chithunzi chozungulira chokhala ndi mayina a mafungo a vinyo, kuti olawa azimvana akamalankhula. Inali ntchito yabwino ndipo ikuthandizabe. Koma zipatso zambiri zimene olawa a ku Ulaya ndi ku America amatchula ndi za kwawo: blackcurrant, raspberry, tcheri. Mnyamata wa ku Dedza kapena ku Chipata amene wapeza ntchito yoperekera zakudya mu lesitilanti ku Cape Town amauzidwa kuti aloweze mayina amenewa. Amawaloweza, amawanena bwino kwa alendo, koma m'kamwa mwake simunalowepo chipatso choterocho. Dzina lili pakamwa, fungo lili pachala.

Zimandipweteka, chifukwa mnyamata ameneyu si wosauka pa nkhani ya kulawa. Anakula akudya masuku, masawu, bwemba, malambe, mapoza, nthudza, mango a mitundu yosiyanasiyana, lililonse ndi kutsekemera kwake, kuwawasa kwake, kuuma kwake m'kamwa. Mitolo imene ubongo wake unamanga ndi yeniyeni ngati ya munthu wa ku Bordeaux. Akamwa Chenin blanc wa ku Stellenbosch n'kumva gwafa, palibe amamutsutsa, chifukwa olawa a ku South Africa nawo amatchula gwafa pa vinyo ameneyu. Koma akamva kuwawasa kouma kwa malambe, kapena bwemba mu vinyo wofiira wokhalitsa, amachita manyazi kunena, n'kubwereka dzina la chipatso cha eni. Pamenepo amataya chida chokhacho chimene chikanamuthandiza kukumbukira vinyoyo mawa. Anyamata anayi a ku Zimbabwe amene anapita ku South Africa kukafuna ntchito, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, anafika poimira dziko lawo ku France mu 2017 pa mpikisano wa dziko lonse wozindikira vinyo popanda kuona botolo. Sanakule ndi vinyo patebulo. Anabwera ndi malilime ophunzitsidwa ndi zakudya za kwawo, ndipo malilime amenewo anakwanira.

Patsala mbali ina imene mwambi wa fodya sungaifikire, poti fodya akalowa walowa, pomwe fungo lina la vinyo limabadwira m'kamwa momwemo. Émile Peynaud, mphunzitsi wamkulu wa za vinyo ku Bordeaux, anaona kuti ukatafuna mphesa ya Sauvignon blanc siimveka fungo lambiri poyamba, koma pakapita pafupifupi theka la mphindi utameza, fungo lake limabwerera mwadzidzidzi kuchokera kukhosi. Chifukwa chake chinadziwika pambuyo pake. Mu mphesamo tinthu tina ta fungo timakhala tomangiriridwa ku tinthu tina tolemera, moti sitingauluke. Mu 2008 Christian Starkenmann ndi anzake ku Geneva anaonetsa kuti mabakiteriya a m'kamwa amadula chomangiracho, fungo n'kumasuka patapita masekondi 20 kapena 30, n'kukhalitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Womwa mothamanga, amene tambula ikutsatana ndi inzake, mbali imeneyi ya vinyo saidziwa, ngakhale analipira ndalama yake. Akatswiri olawa ambiri sameza n'komwe, amalavula, kenako amakhala chete akupuma ndi mphuno, kudikira chimene chibwere.

Chimene chimabwera si chabwino nthawi zonse. Moto wolusa ukabuka pafupi ndi minda mphesa zili pafupi kupsa, utsi umalowa m'makungu ake. Mphesayo imatenga tinthu ta utsi, monga guaiacol, n'kutimangirira ku shuga wake, ndipo tikamangidwa choncho sitinunkha. Mlimi akhoza kuthyola mphesa, kuinunkhiza, osamva kanthu. Vinyo wake akhoza kununkhira bwino ndithu m'tambula. Koma mu 2014 Christine Mayr ndi anzake a ku Adelaide anaonetsa kuti malovu amamasula tinthu timeneti m'kamwa, ndipo womwa amatsala ndi kakomedwe ka phulusa lozizira kukhosi, kamene sikachoka msanga. Pa moto waukulu wa ku Australia wa kumapeto kwa 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020, alimi ena a ku Hunter Valley, Adelaide Hills ndi madera ozungulira Canberra anasiya mphesa zawo osakolola. Chaka chomwecho cha 2020 zinachitikanso ku Napa ndi Sonoma ku California, kumene ena sanapange vinyo wofiira ngakhale botolo limodzi.

Masiku ano utsi ukadutsa, alimi a kumeneko amathyola mphesa pang'ono nthawi yokolola isanakwane, n'kuziwiritsa mu ndowa kwa masiku angapo kuti apeze kavinyo koyesera. Kena amatumiza ku labotale kukayezetsa tinthu tomangidwa tija, kena amalawa. Polawapo amatsuka m'kamwa ndi kudikira asanatenge tambula yotsatira, chifukwa phulusa la tambula yoyamba limakakamira n'kunamizira inzake yosalakwa. Ndipo popeza malovu a anthu sagwira ntchito mofanana, wina amamva phulusalo mwamphamvu pomwe mnzake akulimva pang'ono kapena osalimva n'komwe, amaitana anthu angapo kuti alawe asanagamule zotumiza okolola m'munda kapena kuluza ntchito ya chaka chonse.